Ophunzira akungowerenga mano ozula, tiwatani?

Therapist wa mano wa pachipatala cha boma: Akuluakulu, ndigaireni nzeru. Chaka chino andipatsa ophunzira asanu oti ndiziyenda nawo kumidzi. Manja ali nawo, jekeseni wa dzanzi amabaya bwino kuposa mmene ndinkabayira ine pamsinkhu wawo. Chikundivuta ndi mtima. Tikangotsika galimoto funso ndi lakuti "lero tizula angati?" chifukwa maso ali pa logbook, buku lolembamo ntchito imene wophunzira wagwira. Sabata yatha kunabwera agogo ena amene ananyamuka m'bandakucha wapansi. Mnyamata wanga moni osapereka, kungoti "yasamani". Dzino anazula bwinobwino, koma sanawauze kuti tsiku limenelo asachukuche m'kamwa. Agogo kufika kunyumba anachukucha madzi amchere mpaka usiku, magazi oundana otseka bala n'kuchoka. Patatha masiku atatu anabwera atagwira tsaya, pozula paja patatsala fupa poyera, dry socket. Nditamuuza mnyamatayo, akuti "koma bwana, ndinazula bwino." Ndimutani?

Mphunzitsi wa kukoleji: Achimwene, musamukalipire kwambiri mwanayo, mlandu ndi wathu aphunzitsife. Mwana wasukulu amathamangira kumene kuli malikisi. Tinamupatsa pepala lofunsa mano angati, ndiye akutipatsa mano. Ine gulu langa ndinaliwonjezera mizere iwiri: wodwala unamuuza chiyani, ndipo unamuonanso liti. Mzere wachiwiriwo ukakhala wopanda kanthu sindisaina. Anang'ung'udza mwezi wathunthu.

Dokotala wa mano wa kumishoni: Zoona aphunzitsi, koma pepala palokha silisintha munthu, amangophunzira kulemba zokukondweretsani. Kwathu kuno chimene chinathandiza ndi kusiya zoyendayenda. Kale tinkati lero mudzi uno, mawa wina, ngati ogula fodya. Ophunzira sankaona zotsatira za manja awo. Pano timasankha dera limodzi, timayamba takaonekera kwa amfumu, ndipo timabwererako katatu kapena kanayi. Tsiku loyamba palibe wogwira forceps, chida chozulira mano. Aliyense ndimamupereka kwa a HSA, alangizi a zaumoyo a m'mudzi, ayende nawo khomo ndi khomo, aone madzi amene anthu akumwa, afunse mswachi ndi mankhwala otsukira mano akugula bwanji pa okala, amve mtengo wa kabaza kukafika kuchipatala. Akabwerako funso lija lakuti "mumadikira chiyani mpaka dzino kuola chonchi?" limatha lokha. Ndipo agogo anuwo, mnyamatayo apite yekha akawaone kwawo. Inu musamuperekeze.

Therapist wina wa kumpoto: Ine ndinena zosakoma. Tisamachite ngati anawa alibe mtima pamene ali ndi njala. Timawanyamula 6 koloko, kubwerako mdima, nkhomaliro ndi chimanga chootcha, alawansi ikubwera teremu itatha. Ndiye madzulo muwakhazike pansi azikamba za chikondi pa anthu? Komanso mafuta obwerera kanayi mudzi umodzi akuchokera kuti? Enafe galimoto timachita kupempha ya katemera.

Dokotala wa mano wa kumishoni: Achemwali simukunama, za chakudyazo ndi zoyamba kukonza. Za mafutazo, ifenso timakwera ya sikelo ya ana. Ubwino wake iyo imabwerera malo omwewo mwezi ndi mwezi, ndiye ndandanda yathu tinangoimanga pa yawo.

Wongomaliza kumene sukulu: Mabwana, ndilankhuleko monga wolakwa. Inenso ndinali wa logbook. Chinanditembenuza si phunziro la m'kalasi ayi. Pa pulayimale ina ndinapeza kamtsikana ka sitandade 2, dzino lake loyamba lachikulire lakumbuyo, lija limamera mwana ali ndi zaka 6, litabooka kale. Mayi ake ankati ndi la ubwana, liguluka lokha. Atiyang'anira anandiletsa kuzula, anati ndilimate. Ndinakwiya, chifukwa kumata kunandidyera nthawi yoti ndikanazula awiri. Titabwererako patatha mwezi kamwanako kanandithamangira kakuyasama kuti ndione, ndipo mayi aja anabwera ndi anzawo atatu, aliyense ndi ana. Usiku umenewo atiyang'anira sanatilalikire, anangofunsa aliyense kuti "ndani amene ukumukumbukira lero?" Amene analibe dzina loti atchule anachita manyazi yekha.

Mphunzitsi wa kukoleji: Mwanawe wakhudza penipeni. Tikamapita kumudzi ndi forceps zokha, ophunzira amaganiza kuti kutumikira anthu ndi kuwachotsa mano. Aphunzitseni ART, njira ija inayambira ku Tanzania m'zaka za m'ma 1980: kupala zoola ndi zida zamanja, kumata ndi simenti ya mano yotchedwa glass ionomer, magetsi osafunika, ndipo simentiyo imatulutsa pang'onopang'ono fluoride, yoteteza mano kuti asaole. Ndondomeko ya dziko ya umoyo wa m'kamwa ya 2022 ikutsindikanso kupewa komweko. Kumbukiraninso kuti digiri ya udokotala wa mano inayamba kuno mu 2019, ku College of Medicine imene pano ili mu Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), mothandizana ndi University of Glasgow. Anthu ake akadali ochepa kwambiri, ndiye aliyense amene adzakane kugwira kuboma chifukwa kumudzi anangokuona ngati kozulira mano, dzenje lake ndi lalikulu.

Therapist wa kumpoto: ART ndikuvomereza, koma muwayang'anire posankha dzino. Likakhala lopweteka usiku kapena lili ndi mafinya, kumata ndi kutsekera moto m'nyumba. Ophunzira akatengeka amamata chilichonse.

Therapist wa pachipatala cha boma: Zikomo nonse. Mnyamata uja ndamutuma m'mawa uno ndi a HSA panjinga, sanabwerebe. Ndalankhula ndi a sikelo, Lachinayi lachiwiri la mwezi uliwonse atisiyira malo atatu m'galimoto, ndiye asanuwa azisinthana. Mizere iwiri ija ndailemba kale ndi cholembera kuseri kwa logbook. Nkhomaliro ndikakambirana ndi amfumu ndi a komiti ya sukulu. Chatsala ndi glass ionomer, ndili ndi botolo limodzi lokha ndipo likutha ntchito mu Ogasiti. Alipo amene angandibwerekeko awiri? Ndidzabweza oda yathu ikafika.

Dokotala wa mano wa kumishoni: Limodzi ndili nalo. Tumizani munthu Lolemba, abwere ndi kachikwama kosalowa madzi.