Ndasamutsa mafayilo mu Git ndipo mbiri yawo sikuonekanso: ndinalakwitsa pati?

Wa ku Katoto:

Akuluakulu, ndikupempha nzeru zanu. Ine ndi anzanga awiri timasamalira pulogalamu yosunga kaundula wa ngongole ya bungwe lina laling'ono kuno ku Mzuzu, ndipo kwa zaka zinayi mafayilo onse akhala ali mu foda imodzi. Sabata yatha ndinasamutsa mafayilo oposa 200 n'kuwaika m'mafoda atsopano, ena ndinawasintha maina, komanso nthawi yomweyo ndinakonza zambiri za mkati mwawo. Zonsezi ndinaziika mu Git, chida chimene timasungiramo mbiri ya zosintha za mafayilo athu, mu commit imodzi (gulu limodzi la zosintha losungidwa m'mbirimo), imene mwamwayi sindinaitumize kwa anzanga. Lero m'mawa nditalemba git log, lamulo loonetsa mbiri, pa fayilo yowerengera chiwongoladzanja, yangoonetsa mzere umodzi wokha, ngati kuti fayiloyo yabadwa dzana. Zandipweteka kwambiri chifukwa m'mbiri imeneyo ndi mmene tinalembamo zifukwa zosinthira kawerengedwe ka ngongole zochedwa kubweza. Ndinagwiritsa ntchito git mv pa fayilo iliyonse, nanga n'chifukwa chiyani Git waiwala? Komanso mnzanga wina ali ndi branch (nthambi yapadera ya ntchitoyi) ya mwezi watha imene ikusintha mafayilo omwewo ali m'malo awo akale.

Wa ku Luwinga:

Achimwene, mtima m'malo, mbiri yanu sinatayike. Chofunika kumvetsa n'chakuti Git salemba paliponse kuti fayilo yasinthidwa dzina. Kuyambira pamene Linus Torvalds anamupanga mu 2005, commit iliyonse imasunga chithunzi cha mmene mafayilo onse alili pa nthawiyo, ndipo git mv imangosamutsa fayilo n'kulemba kuti yakale yachoka, yatsopano yabwera. Mercurial, chida china chofanana ndi Git, ndi amene amasungadi nkhani ya kusamutsa mukalemba hg mv, choncho ambiri amaganiza kuti Git nayenso amatero.

Zimene Git amachita ndi kuyerekezera pa nthawi imene mwamufunsa. Amatenga fayilo imene yasowa ndi imene yangotulukira, n'kuona kuti za mkati mwake zikufanana motani, ndipo zikafanana ndi theka kapena kuposerapo, amati ndi fayilo imodzimodzi. Inu munasamutsa ndi kukonza nthawi imodzi, ndiye mafayilo amene munawakonza kwambiri atsika pansi pa 50 peresenti ija. Yambani mwayesa git log --follow pa fayilo ya chiwongoladzanjayo, pakuti git log wamba satsatira dzina lakale, ndipo ikakanika, tsitsani malirewo powonjezera -M30%. Dziwani kuti --follow imagwira ntchito pa fayilo imodzi yokha pa nthawi imodzi.

Koma popeza simunatumize commit ija, ndikadakhala ine ndikadaigawa pawiri. Isungeni kaye pa branch ina yapadera, mubwerere pamene munayambira, musamutse mafayilo okha popanda kukhudza ngakhale chilembo chimodzi, mupange commit, kenaka mutenge zokonza zanu zija mu commit yachiwiri. Mukalemba git show --name-status pa commit yoyambayo, mzere uliwonse uyenera kuyamba ndi R100, kutanthauza kuti fayiloyo yasamuka ili yonse.

Wa ku Chibavi:

Ndikugwirizana ndi akulu a ku Luwinga, koma pali mbali ina imene inandigwetsapo ine ndemwe, ndipo ikukhudza branch ya mnzanuyo. Kugawa commit kumathandiza git log ndi git blame (lamulo loonetsa amene anasintha mzere uliwonse) chifukwa zimenezi zimayenda commit ndi commit. Merge, ndiye kuti kuphatikiza nthambi ziwiri, siiyenda choncho. Imangoyang'ana malo atatu: pamene nthambi ziwirizo zinasiyanirana, ndi kumapeto kwa nthambi iliyonse. Choncho ngakhale mugawe bwino chotani, mnzanuyo akangophatikiza kumapeto kwa ntchito yanu, Git adzayerekezera fayilo yakale ndi yokonzedwa kale ija, ndipo akhoza kunena kuti inu munafufuta fayilo imene iye wasintha. Ine ndinakhala usiku wonse wa mu June, kunja kukuwaza mvula ya kuno ija, ndikukopera pamanja zosintha za mnzanga m'mafayilo 30 chifukwa chosadziwa zimenezi.

Njira yake ndi kuphatikiza kawiri. Mnzanuyo ayambe waphatikiza commit ya kusamutsa yokha, pamene mafayilo onse ali R100, zosintha zake zitsatire mafayilo kumalo awo atsopano, ndiyeno aphatikize commit ya zokonza. Muonenso kuti nonse muli ndi Git watsopano ndithu. Kuyambira pa 2.18, ya mu 2018, merge imazindikira kuti foda yonse yasamuka, moti fayilo yatsopano imene mnzanu anaika mu foda yakale Git amailozera kumalo atsopano, ndipo pa 2.34, ya mu 2021, njira yophatikizira yotchedwa ort, imene Elijah Newren analemba, ndiyo inakhala yachizolowezi ndipo ndi yachangu kwambiri pa ntchito zoterezi. Mafayilo akachuluka zedi Git amasiya kuyerekezera n'kukuchenjezani, ndipo pamenepo mumakweza malire a kuchuluka kwa mafayilo otchedwa merge.renameLimit, ngakhale kuti pa mafayilo 200 simungafike pamenepo.

Wa ku Katoto:

Zikomo kwambiri nonse awiri. Ndagawa commit ija masana ano, ndipo mbiri ya fayilo ya chiwongoladzanja yabwerera mpaka tsiku limene tinaiyamba. Chandidetsa nkhawa n'chakuti pa commit ya kusamutsa pulogalamu sikuyenda, chifukwa mizere ya import, yoitanira mafayilo ena, ikulozabe kumalo akale. Kodi ndingaikonze momwemo?

Wa ku Luwinga:

Ikonzeni momwemo, achimwene, bola musakhudze china chilichonse. Mizere iwiri kapena itatu pa fayilo yaitali idzangotsitsa chiwerengero kufika pa R097 kapena pafupi pamenepo, ndipo Git adzaizindikirabe, koma timafayilo tating'ono ta mizere yochepa mutiyang'ane patokhapatokha. Pophatikiza ntchitoyi ku nthambi yaikulu musasankhe squash, chifukwa imeneyo idzabwezeretsa ma commit anu awiri aja kukhala imodzi.