Zipika za nimu ndi bwemba zakanika kuwazika, nkhwangwa ikungonjanja

Mlimi wa ku Ngabu

Abale, ndithandizeni nzeru. Kuseri kwa nyumba kuli mitengo iwiri imene inagwa ndi mphepo ya mvula yapitayi, wa nimu ndi wa bwemba. Nthambi zing'onozing'ono tinasonkhera kale, kwatsala mathunthu ndi mphanda. Zipika zina ndi zonenepa masentimita 40 mpaka 50, zodzaza mfundo. Pa nimu nkhwangwa yathu yachikuda ikalowa ikukanirira, kuizula kwake mpaka thukuta kamukamu. Pa bwemba ndiye ikungonjanja ngati yamenya mwala. Mipini iwiri yathyoka kale. M'sitolo ina ya zitsulo ku Nchalo ndaona nkhwangwa yolemera ija, yokhala ndi mutu wa hamala kumbuyo. Kodi imeneyi ingathandize, kapena ndingotaya ndalama? Nanga mfundozi mumazilowera bwanji?

Wa ku Bangula

Achimwene, nkhwangwa imeneyo gulani, ndi ya ntchito yomweyi. Nkhwangwa yachikuda ndi yopyapyala, anaisulira kudula mtengo chopingasa ndi kusadza nthambi. Mukawazira chipika chonenepa imalowa ngati mpeni, mtengo n'kuifinya mbali zonse ziwiri, ndiye kukanirira mukunenako. Ya hamalayo masaya ake ndi otupa. Ikalowa pang'ono chabe imayamba kukankha mtengo uku ndi uku, mng'alu n'kuthamanga patsogolo pa chitsulo. Zimapezeka za mapaundi 6 ndi za mapaundi 8, kunena kwake pafupifupi makilogalamu 2.7 ndi 3.6. Ine ndinganene kuti tengani ya 6. Ya 8 imagunda molimba, koma ndi kutentha kwathu kuno mukaikweza kwa theka la ola mikono yalefuka, ndipo munthu wotopa ndi amene amaphonya. Mpini wake ukhale wa masentimita 80 mpaka 90.

Koma ngakhale mutagula, mukapitiriza kumenya pakati pa chipika idzanjanjabe. Choyamba fupikitsani zipikazo ndi macheka. Zopanda mfundo zikhale masentimita 35 kapena 40, za mfundo 25 basi. Chipika chikafupika, mitsempha yoti ing'ambike imachepa. Chekani mowongoka kuti chipika chiziima chokha osachigwirira. Ngati mungathe, chekani modutsa pa mfundo penipeni, kuti mfundoyo igawike pawiri ndi kukhala kumapeto kwa zipika ziwiri m'malo mokhala pakati pa chimodzi.

Chachiwiri ndi poikapo. Dothi lathu la mchenga ndi la makande lofewa limameza mphamvu yonse ya nkhwangwa, chipika chimangomira pansi osang'ambika. Pezani chipika chachikulu kuposa zonse, chosalala mbali zonse ziwiri, chotalika masentimita 20 mpaka 30, chikhale chowazirapo. Chisapitirire pamenepo, chifukwa chikatalika nkhwangwa imafika pa nkhuni isanatenge liwiro. Chowazidwacho muchiike chakutsogolo kwa chowazirapo, mbali yotalikirana ndi inu, kuti mukaphonya nkhwangwa igwere pa mtengo, osati pa mapazi. Tayala lakutha la galimoto mukaliika pamwamba n'kulowetsamo chipika, zibanthu sizimwazika ndipo simuwerama pafupipafupi kudzutsa chimene chagwa.

Tsopano kamenyedwe. Yang'anani kumaso kwa chipika. Ndi dzuwa la kuno, pakangopita masiku ochepa chichekereni pamaoneka ming'alu yochokera pamtima kupita ku khungwa. Mng'alu waukulu ndiwo khomo lanu. Musamenye pamtima, menyani cha m'mphepete pamene mng'aluwo ukulozera, poyamba mbali ya kutali, kenako mbali ya kufupi, kenako pakati, mzere umodzi womwewo. Mukamva kulira kwasintha, kuchoka pa "khoo" wouma uja kufika pa "phwaa", ndiye kuti chatseguka.

Nimu ndi nkhani ina. Mitsempha yake ndi yolukanalukana, ina yapita uku ina uko, ndiye kulimbana nawo kuti ugawike pakati n'kudzivutitsa. Muziusenda ngati chinangwa. Menyani masentimita 5 mpaka 8 kuchokera ku khungwa, mpeni wa nkhwangwa utatsata mizere yozungulira imene imaoneka kumaso kwa chipika, osati kuloza pamtima. Chibanthu chimayepuka, mwatembenuza chipika, mwamenyanso. Mukazungulira chonse pamatsala kamtima ka ngodyangodya kamene kamagonja mosavuta. Bulugama wouma amafunanso njira yomweyi.

Mfundo ikhale pansi nthawi zonse, inu muziyambira kumene kulibe mfundo, ndipo mzere wanu uzilambalala mfundoyo. Mfundo ndi tsinde la nthambi limene thunthu linakula molizinga, mitsempha yonse pamenepo inapinda, mng'alu ukafikapo umasowa njira.

Poimirira tangadzani miyendo. Dzanja limodzi kumapeto kwa mpini, linalo pafupi ndi mutu, ndipo pamene nkhwangwa ikutsika dzanja lapamwambalo lizitsetsereka kukakumana ndi linzake. Pindani mawondo pomaliza kuti mpini ufike uli chogona. Mipini yanu iwiri ija ndikhulupirira inathyoka pakhosi, chifukwa chopitiriza: mutu umadutsa chipika, mpini ndi umene umagunda mtengo. Musanamenye, gunditsani nkhwangwa pamene mukufuna mikono itatambasuka, ndipo mapazi asasunthenso.

Mmisiri wa zitsulo, Dyeratu

Zonse anena akuluwa ndi zoona, koma bwemba wa masentimita 50 nkhwangwa yokha siingamuthe. Pamafunika zitsulo zong'ambira, zosachepera ziwiri, zitatu ndiye bwino. Chimodzi chokha chikamira chonse mtengo usanatseguke, mulibenso chochitulutsira. Osula ndi owotcherera amapanga kuchokera ku sipuling'i yokhuthala ya lole kapena ekiselo yakutha. Muwauze chikhale chotalika masentimita 20 mpaka 25, kumutu chokhuthala masentimita 4 kapena 5, chizipyapyala pang'onopang'ono mpaka kunsonga. Chikatupa msanga kufupi ndi nsonga chimalumpha mukachimenya.

Pa mtengo wouma gwa, yambani mwacheka kamzere kozama masentimita 3 kapena 4 ndi macheka, muimike chitsulocho m'menemo, muchikhomere pang'onopang'ono mutagwira hamala pafupi ndi mutu mpaka chiime chokha. Apo ndi pomwe mubwerere m'mbuyo n'kumenya ndi mphamvu. Chikamatulukabe, thirani kamchenga kouma kapena phulusa mumng'alumo, chimagwira. Mng'alu ukatseguka lowetsani chachiwiri patsogolo pake, choyamba chija chimamasuka chokha, mwachichotsa, mwachipititsanso patsogolo. Thunthu lalitali la mita imodzi kapena awiri, monga la pa uvuni wa njerwa, amaling'amba chomwechi lili chogona, kuyambira kumapeto, zitsulo zikupambanapambana. Mukhozanso kusema zikhomo zonenepa za mtengo wolimba zoti zizigwira mng'alu, zimenezo muzimenya ndi chibonga. Zala musalowetse mumng'alu ngakhale pang'ono. Chitsulo chikalumpha mtengo umatseka ngati msampha.

Chenjezo langa lalikulu ndi ili. Kumbuyo kwa nkhwangwa ya hamala anakupangira kumenya zitsulo zotere. Nkhwangwa wamba ya m'sitolo, ya bowo lolowetsa mpini ija, musaimenye kumbuyo ndi hamala ndipo musaikhomere chitsulo: bowolo limaphwanyuka kapena kung'aluka, mutu n'kuyamba kugwedera. Komanso mutu wa chitsulo chong'ambira ukamenyedwa nthawi yaitali umaphwatalala ngati bowa. Milomo imeneyo imathetheka n'kuuluka ngati chipolopolo, imalowa m'diso kapena mu msongolo. Ikangoyamba, kaisadzitseni pa makina a owotcherera. Magalasi oteteza maso ndi otsika mtengo kuposa ulendo wa kuchipatala, ndipo ana akhale patali mamita 5 kapena kuposa.

Ponola, musaipyapyalitse ngati chikwanje. Tupa kangapo mbali iyi, kangapo mbali inayo, kungochotsa mano ndi kubuntha, masaya akhalebe otupa. Mukaipyapyalitsa ibwerera ku vuto lokanirira lija, ndipo pa bwemba idzabenthuka.

Mpini ukayamba kugwedera mu Okutobala kapena Novembala, ndi chifukwa wauma n'kufota. Ambiri amauviika m'madzi usiku. Umagwiradi m'mawa, koma mtengo wotupa m'kati mwa chitsulo umafinyika, ukaumanso umagwedera kuposa kale. Khomerani kachikhomo ka mtengo wouma pamwamba pa mpini m'bowomo, kenako kachitsulo kakang'ono mopingasa. Pakhosi kulungani mphira ya chubu masentimita 10 mpaka 15 kuti mukaphonya mpini usavulale.

Mayi wa ku Tengani

Bambo a ku Ngabu, vuto linanso ndi loti mwachedwa nayo. Nimu, keshya ndi bulugama zimawazika bwino zikadali zaziwisi, sabata yoyamba kapena yachiwiri chigwereni. Zikauma mitsempha ija imamangana ngati chingwe. Zimene zagwa kale chitani monga akuuzirani, koma ulendo wina musadikire.

Amene mumatola zipika zobwera ndi madzi mu Shire, Ruo kapena Mwanza, monga zinachulukira pa namondwe Ana mu 2022 ndi pa namondwe Freddy mu 2023, dziwani kuti makungwa ndi ming'alu yake imakhala yodzaza mchenga. Macheka amabuntha pa chipika chimodzi. Yambani mwasenda khungwa pamzere wochekapo ndi chikwanje chakutha, mukolope ndi tsache lolimba. Ndipo chipika chimene chakhalitsa pansi musachinyamule ndi manja musanachigubuduze ndi mtengo, pansi pake ndi nyumba ya zinkhanira ndi njoka.

Musalimbanenso ndi mfundo iliyonse. Pa chitetezo mbaula pamafunika nkhuni zoonda, zala ziwiri kapena zitatu kunenepa kwake, zimenezo zichokere ku zibanthu zowongoka. Zigodo za mfundo zokanika sungani padera. Pa mafuwa, pophika nyemba kapena nandolo wouma, pa mgolo wa thobwa, pa moto wa pa maliro wofunika kuchezera, chigodo chimodzi cha bwemba chimagwira moto maola ambiri ndipo makala ake ndi okhalitsa. Zowazazo sanjani pa miyala kapena pa njerwa, zisagunde dothi, apo ayi chiswe chizilowa.

Mlimi wa ku Ngabu

Takhuta nonse. Mipini inathyokadi pakhosi monga mwanenera. Funso latsala ndi la mphanda, pamene thunthu la bwemba linagawika nthambi ziwiri zazikulu. Ndimenye pakati pa nthambizo?

Wa ku Bangula

Ayi achimwene, pamenepo ndiye polimbitsitsa pa mtengo wonse. Pakati pa nthambi ziwiri mitsempha inalukana kuti mphepo isang'ambe mtengowo, ndiye inu mukufuna kumasula chimene mtengo unamanga zaka zambiri. Dulani nthambi zonse ziwiri ndi macheka pafupi penipeni ndi mphandayo, ndipo kunsi kwake mudulenso kuti chitsale chachifupi. Chitembenuzeni, nthambi ziloze pansi, tsinde m'mwamba. Mzere wong'ambira udutse pamitima ya nthambi zonse ziwiri, kuti mutuluke mphanda ziwiri zopyapyala, osati nthambi iyi payokha inayo payokha. Chekani kamzere, chitsulo chimodzi mbali iyi, china mbali inayo, muzimenya mosinthanasinthana. Zitsulo zonse zikamira koma mitsempha ina ikugwirabe m'kati, idulani ndi nkhwangwa yachikuda ija, mosamala kuti isagunde chitsulo. Apa ndi pamene kupyapyala kwake kumathandiza.

Ntchitoyi ndi ya m'mamawa, kuyambira 5 koloko mpaka cha m'ma 8. Miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumatha kudutsa madigiri 40 masana, manja amatuluka thukuta, mpini umaterera. Madzi akumwa akhale pafupi, ndipo valani nsapato zotseka, osati patapata.

Wa ku Chapananga

Ndiwonjezere pa mawu a mayi a ku Tengani. Zoti nkhuni zimawazika bwino zili zaziwisi si mitengo yonse. Tsanya wouma, ngakhale ndi wolemera mpaka kumira m'madzi, akachita ming'alu amathetheka bwinobwino mukalondola mng'aluwo, kungoti zibanthu zake zimauluka ndi liwiro ndipo amabenthula nkhwangwa yonoledwa mopyapyala. Bwemba wanuyo, popeza wauma kale, musiyeni zipika zofupikitsazo padzuwa sabata ziwiri zina, kumaso kuli m'mwamba, ming'alu ikule musanakhomere zitsulo.

Potchula tsanya ndisasocheretse anthu. Wa m'malo osungirako nyama a Lengwe, Majete ndi Mwabvi ndi wotetezedwa, ndipo mu 2016 anthu 35 anagwidwa ku Lengwe akudula mitengo imeneyi n'kukaimbidwa mlandu. Ndikunena za wogwa yekha m'munda mwanu. Chitsa cha nimu chija musachizule kapena kuchitentha. Chidulireni mopendeketsa pa masentimita 30 kuchokera pansi kuti madzi asamakhalepo, chiphukira mvula ikangogwa. Siyani mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu, zinazo thyolani. Zikafika ponenepa ngati mkono muzidula, zimenezo chikwanje chokha chimakwana.