Kamphaka kanga kapenga ndi usipa, ndithandizeni

Moni nonse a m'gulu muno. Ndili ku Senga Bay, ku Salima, ndipo ndili ndi kamphaka kakakazi ka miyezi 4 kamene kakundidabwitsa.

Vuto ndi usipa wouma. Poyamba ndinkangokaponyera kamodzikamodzi kuti kazindizolowera, koma tsopano kakangomva fungo kamasintha mtima. Kamalanda usipawo m'manja, kuthawira nawo kunsi kwa bedi, n'kumalira mwaukali ngati pali wina akufuna kukalanda, chonsecho m'nyumba muno mulibe mphaka wina. Kamameza osatafuna, nthawi zina n'kusanza usipa wathunthu. Dzulo kakanda mwana wanga amene amangodutsa pafupi. Chodabwitsa china, pepala lapulasitiki limene ndimasungiramo usipa kamalitafunanso, ndipo ichi ndiye chikundiopsa chifukwa lingathe kukatsekera m'matumbo.

Ndayesa kusinja usipawo n'kusakaniza ndi nsima, koma kamangonyambita pamwamba n'kusiya nsimayo. Ndayesa kuuviika m'madzi kuti ufewe ndi kuchoka mchenga, kusanza kwachepa koma ukali udakalipo. Mkaka wa ng'ombe ndinasiya chifukwa unkakatsegula m'mimba. Mankhwala a njoka za m'mimba kanamwa kale, katemera wa chiwewe kanabayidwanso. Alangizi a ziweto anati mwina ndi mano, popeza pa msinkhu umenewu amakhala akugweluka ndi kumera ena, koma ine sindikukhulupirira kuti mano angakachititse kubisa chakudya.

Kodi alipo amene mphaka wake anachitapo zotere? Ndikasiyitsiretu usipa, kapena ndizikapatsa pang'onopang'ono m'mbale? Nanga kamasiya kakakula?