Ndere za pa dziwe la bwalo la gofu: apa ndi pomwe tafika

Anzanga, paja ndinafunsa ngati pali njira yothana ndi ndere pa dziwe lathu popanda kuthira mankhwala ophera ndere a copper sulphate, poti madzi omwewo ndi amene timathirira kapinga. Nazi zomwe zachitika.

Tinayamba ndi kuvuula ndere zoyandama n'kukazitaya kutali, kenako tikuthira mabakiteriya a mtundu wa Bacillus. Dziwani kuti sapha ndere ayi. Amadya zinthu zovunda za pansi pa dziwe, ndipo amalanda ndere chakudya chake. Amafuna mpweya, choncho pampu yotakasa madzi ikulira usana ndi usiku. Fungo la mazira owola lija latha, miyala ya m'mphepete yayamba kuoneka.

Tinayesanso mapesi a balere: tinawaika m'masaka a ukonde, osapanikiza, kuti aziyandama pa dziwepo. Amagwira ntchito akayamba kuwola, ndipo amangoletsa ndere zatsopano, ndiye sindingawayamikire panopa.

Gwero la nderezi ndi feteleza amene mvula imakokololera m'dziwemo. Tasiya kutchetcha udzu wa m'mphepete kuti uzisefa madziwo. Osewera akudandaula kuti timipira tawo tikusowera m'menemo, koma udzuwo sitiudula. Alipo amene anayesapo kuikamo nsomba zodya ndere?