Hilux ya malemu yakana kutembenuka

Wa ku Lizulu: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Mayi ena a ku Tsangano andiitanira Hilux ya malemu amuna awo, ya dizilo, injini ya 2L. Yakhala pansi pa mtengo wa mapeyala chiyambire 2018, tsopano ana akufuna izinyamula kachewere kubwera naye kumsika kuno. M'bokosi la air filter ndapezamo chisa cha makoswe ndi zitsononkho. Oyilo ngwakuda koma alibe madzi. Ndaika sipanala pa pulley ya kutsogolo kwa injini kuti ndiitembenuze, injini yangoti gwa. Mnyamata wawo akuti tibwereke batire ya lole tiikakamize.

Madala a pa Dedza boma: Batireyo isayandikire, mwanawe. Ngati m'silinda mwalowa madzi, sitata ikakankha mupinda con rod, chitsulo chogwira pisitoni, ndiye mayiwo muwauza chiyani? Giya ili pa free?

Wa ku Lizulu: Ili pa free, madala. Ndakwezanso matayala akumbuyo pa jeke.

Wa ku Kampepuza: Masulani ma heater plug, mapulagi otenthetsa injini poiliza, onse anayi, muthire dizilo wosakaniza ndi ATF (oyilo wa giyabokosi ya otomatiki) m'mabowomo, muisiye masiku atatu. Mukabwerera muziigwedeza uku ndi uku pang'onopang'ono, osadumphira pa sipanala ndi paipi.

Madala a pa Dedza boma: Nzoona, koma yambani mwachotsa malamba a fani. Ine ndinatsala pang'ono kutsitsa injini yabwinobwino ku Bembeke, pomwe chimene chinagwira dzimbiri chinali altaneta. Mpaka lero zimandiwawa kuti mwini wake ndinali nditamuuza kale kuti agulitse ng'ombe.

Wa ku Lizulu: Madala, ndavula chipewa! Ndangodula lambayo, poti anali atauma kale, injini yatembenuka. Altaneta ndi yomwe yafa. Ndiilize?

Wa ku Kampepuza: Ayi achimwene, dikirani. Taimingi beluti ya 2L, lamba woyendetsa mavalavu, amati isinthidwe pa makilomita 100,000, koma mphira amakalambanso galimoto ili chiimire. Ikaduka, mavalavu amakumana ndi mapisitoni. Ikani yatsopano ndi tensioner yake yoikungira. Thanki mutsitse mutsuke, dizilo wa 2018 asafike pa pampu. Ma heater plug muwayese, kuzizira kwa ku Tsangano m'mwezi wa June mukukudziwa.

Madala a pa Dedza boma: Ndipo vacuum pump ya mabuleki ili kumbuyo kwa altaneta yomweyo, ndiye pogula ina muonetsetse kuti ili nayo. Mafuta a mabuleki atuluke onse, madiramu mutsegule. Anawo tsiku lina adzafuna kutsika Khwekhwerere kupita ku Golomoti atadzaza matumba. Matayala muwerenge manambala anayi a m'mbali aja, awiri omaliza ndiwo chaka.

Wa ku Lizulu: Akutsogolo akuti 2013. Ndiwalembera mayiwo mtengo wa zonse madzulo ano, altaneta ndikaisaka Loweruka ku Lilongwe.