Kodi ndivomere kumasulira ulaliki m'chinenero chamanja pamene ndikadali wophunzira?

Naphiri wa pa Kasungu boma

Ndikupempha uphungu kwa inu amene munayendapo njira imeneyi. Ndakhala ndikuphunzira chinenero chamanja kwa miyezi isanu ndi itatu, ndipo aphunzitsi anga ndi amayi awiri osamva amene amagulitsa tomato ndi mtedza pamsika, omwe ndimakacheza nawo Loweruka lililonse masana malonda akayamba kuchepa. Chinandiyambitsa ndi mwana wa achimwene anga, amene anasiya kumva atadwala matenda oumitsa khosi ali ndi zaka zinayi, moti pakhomo panalibe wotha kucheza naye kupatula kumulozera mbale ndi ndowa.

Chibadwire ndine munthu wamanyazi, ndipo kutchalitchi ndinkakhala pabenchi yakumbuyo, kupemphera kwanga kuli kwa mwambo chabe. Mwezi wathawu amayi awiriwo anabwera ku mapemphero athu n'kundipempha kuti ndiwamasulire. Ndinaima kutsogolo mawondo akuwombana. Tsikulo anawerenga Marko 7, pamene Yesu anatengera pambali munthu wosamva, naika zala m'makutu mwake, namukhudza lilime, nayang'ana kumwamba. Manja anga akuonetsa zimenezi, ndinazindikira chinthu chimene makutu anga anachilumpha zaka zonsezi, chakuti Ambuye anayamba kulankhula ndi munthuyo m'njira imene iye akanatha kuiona, asanatchule mawu akuti Efata, kutanthauza kuti tseguka. Usiku umenewo ndinapemphera ndi mtima wonse, zimene ndinali nditaziiwala.

Koma ulaliki utafika pakati, abusa anayamba kuthamanga ndi kuponya miyambi, ine manja anauma gwa, moti gawo lalikulu linawadutsa amayi aja. Tsopano akuluampingo akufuna kuti ndizimasulira sabata iliyonse. Kodi ndivomere, kapena ndikhala ndikunamiza anthu amene akundikhulupirira?

Mphunzitsi wa ku Santhe

Mayi Naphiri, ine ndinaphunzira za maphunziro a ana olumala ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu, ndipo ndikuuzeni kuti kuuma manja kumene mukunenako kumagwera aliyense. Kucheza ndi kumasulira ndi ntchito ziwiri zosiyana, chifukwa womasulira amamvetsera chiganizo chatsopano pamene manja akumalizitsa chakale, ndipo n'chifukwa chake omasulira ozolowera amagwira awiriawiri, kumalandizana pakatha mphindi 20 kapena 30.

Vomerani, koma muike malire. Yambani ndi mawerengo, zolengeza ndi nyimbo, zimene mungathe kuzikonzekera. Pemphani abusa kuti azikupatsani mutu wa ulaliki ndi mavesi pofika Lachisanu, kuti Loweruka muzikawafunsa amayi aja zizindikiro zimene simukuzidziwa. Mwambi musaumasulire liwu ndi liwu. Abusa akati walira mvula walira matope, inu onetsani tanthauzo lake, apo ayi anthu adzadabwa kuti matope alowa bwanji m'tchalitchi. Musaime kutsogolo kwa windo, chifukwa kuwala kukachokera kumbuyo kwanu nkhope imada, chikhalirecho m'chinenero chamanja nsidze ndi milomo ndizo zimasonyeza ngati mukufunsa, mukukana kapena mukudabwa. Bulauzi ikhale ya mtundu umodzi, yopanda maluwa ochititsa maso chizungulire.

Ndikuchenjezeninso za mavidiyo a pa YouTube. Ambiri amaphunzitsa chinenero chamanja cha ku America, chimene n'chosiyana ndi chathu. Bungwe la anthu osamva la MANAD linatulutsa dikishonale ya chinenero chamanja cha ku Malawi mu 2021, ndipo imeneyo ndiyo muifunefune.

Bambo wa ku Chamama

Ine ndine wosamva, ndinaphunzira pasukulu ya ana osamva ya ku Mua m'boma la Dedza, ndipo nkhani yanu, achemwali, yandisangalatsa koma yandikumbutsanso zowawa. Marko 7 tinaimva kambirimbiri, ndipo kawirikawiri ikatha kuwerengedwa amatiitanira kutsogolo, kutigwira makutu ndi kutipempherera mofuula, kenako tikabwerera pampando tisanamve amati chikhulupiriro chathu n'chochepa. Ine ndinasiya kupita kutchalitchi zaka zingapo chifukwa cha zimenezi. Inu mwaona china m'ndime yomweyo, chakuti Yesu anamuchotsa munthuyo pakati pa khamu kuti asakhale choonerera, ndipo ndikupemphani kuti muwafotokozere akuluampingo anu zimenezo.

Funso lanu lasochera pang'ono, chifukwa mwatifunsa ife a patali m'malo mofunsa amayi awiri aja. Iwowo ndiwo akudziwa ngati akukumvani. Afunseni mosabisa, ndipo muwalole akudzudzuleni. Mukasokonezeka pakati pa ulaliki, musamangogwedeza manja kuti anthu akumva akuyamikireni, chifukwa ife timaona msanga kuti palibe chimene chikunenedwa, ndipo zimapweteka kuposa kungotiuza kuti apa ndaphonya. Womasulira amene amavomera kuti waphonya timamukhulupirira.

Chinthu chimodzi chokha musachite msanga: kumasulira kuchipatala, kupolisi kapena kukhoti. Kumeneko chizindikiro chimodzi cholakwika chingathe kumwetsa munthu mankhwala molakwika kapena kumumangitsa, ndipo zimene mwamva kumeneko siziyenera kutuluka pakamwa panu ngakhale kwa amuna anu. Mawu akuti gonthi ndi bububu muwaletse pampingo panu. Kodi amayi aja anakupatsani kale dzina la chizindikiro, lokutchulirani ndi manja?

Mkulu wa mpingo wa ku Nkhamenya

Mwana wanga, Mose nayenso anakana kutumidwa ponena kuti ndi wolemera pakamwa, monga tiwerenga pa Eksodo 4, ndipo Mulungu sanamusiye yekha, anamupatsa Aroni. Akuluampingo anu asakusenzetseni mtolo wonse ngati kuti anthu osamva ndi alendo anu inu nokha. Apempheni asankhe achinyamata atatu kapena anayi oti aziphunzira nanu, ndipo ophunzitsa akhale amayi osamvawo, apatsidwenso kangachepe ka sopo ndi ka ulendo, popeza akusiya malonda awo. Ndikuvomereza kuti zimene alemba bambo a ku Chamama zandichititsa manyazi, chifukwa inenso ndinagwirapo munthu makutu pa chitsitsimutso ndisanamufunse ngakhale dzina lake.

Naphiri wa pa Kasungu boma

Zikomo kwambiri nonsenu. Dzulo ndinapita kumsika kukawafunsa amayi aja monga munandilangizira, bambo a ku Chamama. Anaseka mpaka kugwira nthiti, ndipo wamkuluyo anandiyesezera mmene ndinaimira tsiku lija, maso ali tong'o, manja ali lende ngati nkhuku yonyowa. Anati mawerengo anawamva bwino, nyimbo anazimva pang'ono, koma ulaliki anangotolapo dzina la Yesu. Tagwirizana kuti ndizimasulira mawerengo ndi zolengeza, ndipo ulaliki tizikambirana atatu pansi pa mtengo wa mango mapemphero akatha, kufikira manja anga atakhwima. Abusa avomera kumanditumizira mavesi pa WhatsApp Lachinayi, ndipo pa 23 September, tsiku lokumbukira zinenero zamanja padziko lonse, tikufuna kuyamba kalasi ya achinyamata.

Dzina anandipatsa kale mwezi wachitatu wa kuphunzira kwanga. Amaloza mpata umene uli pakati pa mano anga akutsogolo, womwe ndakhala ndikuubisa ndi dzanja chiyambire ku pulayimale.