Africa Twin ikukhala pansi kumbuyo ndikanyamula munthu, ndipo mumchenga ikudula moto

Wapamtunda_Chilomoni

Moni nonse akuluakulu. Ndili ndi njinga yamoto ya Honda, Africa Twin CRF1000L ya 2018, yamagiya osintha ndi phazi osati DCT yosintha yokha magiya ija, ndinaigula kwa munthu chaka chatha. Mtauni muno ilibe vuto, Chilomoni mpaka Limbe tsiku ndi tsiku pa Chipembere Highway ndimangoisiya pa mode ya mtauni yotchedwa Urban basi.

Loweruka lapitali tinapita kumudzi ku Chikwawa ndi mayi akunyumba, kumbuyo tinamanga chikwama chachikulu ndi kathumba ka ufa. Titangonyamuka ndinamva kuti njinga yakhala pansi kumbuyo, handulo yapepuka ngati tayala lakutsogolo silikugunda pansi bwinobwino, ndiye potsika Thabwa m'makona muja ndimati ndikhote iyo ikufuna kupita panja, mtima unali m'mwamba ulendo onse chifukwa kumbaliku ndi phompho ndipo ndanyamula mayi a ana anga. Titawoloka Kamuzu Bridge nkusiya tala ndinaika Gravel, mode ya msewu wafumbi, poganiza kuti mashoko afewa, koma ayi ndithu, bampu iliyonse kumbuyo kumamveka gu! mpaka mayi anayamba kudandaula msana. Pamchenga ndiye zinanyanya, ndikapatsa moto kagetsi kachikasu kaja kamangothwanima injini nkumadula, njinga kuima pakati pamchenga, anachita kutsika kuti ndikankhe. Pobwera kunali kutada, agalimoto onse amandiwalitsira ma full poganiza kuti ndayatsa nyali yayikulu.

Kodi Gravel mode yanga yafa kapena shoko ndi imene yatha? Ndiyambire pati?

Bambo_a_Tadala

Achimwene pepani ndi ulendo umenewo, koma mtima pansi Gravel yanu siinafe. Pa njinga ya 2018 ma mode sakhudza mashoko olo pang'ono, amangosintha zinthu zitatu zimene mumaziona pa dashi paja, P ndi mphamvu ya injini, EB ndi mmene injini imagwirira njinga mukasiya moto, T ndiye traction control yoletsa tayala lakumbuyo kuterereka, imene a Honda amaitcha HSTC. Yosintha mashoko pa batani inabwera ndi CRF1100L Adventure Sports ES kuyambira 2020, ija ili ndi mashoko amagetsi otchedwa Showa EERA. Yanuyo ndi ya manja ndi sikuludilaiva.

Zamumchengazo chachititsa ndi T. Anthu ambiri sadziwa kuti Gravel imatsitsa P kufika pa 3 ndi EB pa 3 (pa ziwirizi 3 ndiye yochepa, 1 yochuluka) koma T, imene imadula moto kwambiri nambala ikamakwera, imakhalabe pa 6, chimodzimodzi Tour ndi Urban, pamene malire ake ndi 7. Ndiye mumchenga tayala lakumbuyo limayenera lizungulire mopitirira pang'ono kuti likumbe likankhe njinga, koma kompyuta ikangoona kuti lakumbuyo likuthamanga kuposa lakutsogolo imati mukuterereka, nkudula moto, inu mukuonjezera iyo ikudula, mapeto ake ndi amene aja munaima. Lowani pa User muike P 3 kapena 2, T 1 kapena 2, ndipo pa mchenga wambiri ngati wa m'makhwawa a kumunsi kuja ingozimitsani T yense mukadutsa muyatsenso. Ine EB ndimaikonda pa 3 pa fumbi chifukwa ukasiya moto mwadzidzidzi mumchenga mphuno imamira, koma potsika Thabwa ndi katundu bwererani pa Tour kuti injini izikuthandizani kugwira, mabuleki asatenthe.

Nyasa_GS

Zimene anena a Bambo_a_Tadala ndi zoona koma ine ndikuti musayambe ndi ma mode, vuto lalikulu ndi lija munalimva pa Thabwa ndipo ndi limene lingakuvulazeni. Nyali kuloza kumwamba, handulo kupepuka, njinga kukana kukhota, kugunda pansi pa bampu, zonsezo ndi nthenda imodzi, sag yachuluka. Kunena kwake njinga ikutitimira kwambiri mukakhalapo chifukwa preload, mmene sipuling'i ya shoko yakanikizidwira musanakwere, idakali ya munthu mmodzi.

Kuyeza kwake sikufuna galaji. Pezani tepi ya telala kapena ya mmisiri wa matabwa, ndi anthu awiri. Matani kaselotepi pa pulasitiki ya kumbuyo molunjika pamwamba pa axle, chitsulo chapakati pa tayala. Tukulani njinga tayala lakumbuyo lilendewere, ngati mulibe center stand ipendeketseni pa side stand wina akugwira, muyeze kuchoka pakati pa axle kufika pa selotepi mulembe. Kenako itsitseni mukwere mutavala zonse, helimeti jekete nsapato, mayi akwerenso ndi chikwama chomwe chija, mapazi pa ma peg wina agwire kutsogolo kuti musagwe, wachiwiri ayezenso. Kusiyana kwa manambala awiriwo ndiye sag. Shoko yakumbuyo ya njinga imeneyo imayenda 220mm, kutsogolo 230mm, ndipo chofunika ndi chakuti mukakhalapo idye pafupifupi 30 peresenti, ndiye kumbuyo muzisaka cha m'ma 65 mpaka 70mm. Ndikukuuzani mupeza zoposa 100, ndiye kuti pafupifupi theka la shoko latha musanakumane ndi dzenje ngakhale limodzi.

Pali chogudubuza chakuda chotulukira pambali pa njinga chapansi pa mpando, chimenecho ndiye preload, chimazunguzidwa ndi dzanja. Zunguzani kumanja mukuwerenga ma click, yezaninso, mpaka nambala ifike. Mulembe penapake ziwiri, ya inu nokha ndi ya awiri ndi katundu, ine ndinalemba ndi maka mkati mwa chivindikiro cha top box, kuti Lolemba popita kuntchito muzibwezera, apo ayi pa ma hump a mtauni muno muzimva ngati mwakwera ngolo.

Chimene anthu amasokoneza, preload siilimbitsa sipuling'i, imangokweza pamene njinga ikukhalira. Ngati mwazunguza mpaka kumapeto koma sag ikadali 85 kapena 90 ndiye kuti sipuling'iyo ndi yofewa pa kulemera kwanu, ikufunika ina yolimba, palibe kuchitira mwina. Ndinaziona pa njinga yanga yoyamba, ndinavutika miyezi ingapo ndikumangapotokola timasikuluu tonse mpaka tsiku lina pamsewu wa Midima tayala linakhula pansi pa mudguard nditanyamula mlamu wanga, fungo la labala kununkha, ndipomwe ndinavomera kuitanitsa sipuling'i ku Johannesburg.

Wapamtunda_Chilomoni

Zikomo kwambiri nonse awiri, ndaphunzira. Chogudubuza chija ndimachiona koma sindinachigwirepo chigulireni. Nanga timasikuluu tolembedwa H ndi S tija ndi tachani, nditembenuzenso?

MakanikoWaKuNdirande

Bwana timeneto musatigwire kaye mpaka sag ikhale bwino, ndipo mukayamba muzisintha chimodzi chimodzi. H ndi kulimbitsa S ndi kufewetsa. Timasikuluuto timasintha compression ndi rebound: compression ndi liwiro limene shoko imalowera ikagunda bampu, rebound ndi liwiro limene imabwerera. Musanasinthe chilichonse tsekani sikuluu kupita ku H pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka iime, osakakamiza chifukwa mkatimo muli kasingano kosachedwa kuonongeka, lembani nambalayo kenako bwezerani pomwe inali. Njinga zogula kwa munthu zimabwera ndi zodabwitsa, ina inabwera kwa ine foloko (shoko yakutsogolo) yakumanzere ili kwake yakumanja ilinso kwake, mwini wake akudabwa kuti bwanji ikugwedeza mutu.

Mukakweza preload chifukwa cha katundu nthawi zambiri rebound yakumbuyo imafuna kuonjezera pang'ono, ma click awiri basi, kuti mukadutsa bampu isamakuponyeni mmwamba kawiri katatu. Koma mukanyanyitsa mudzaona pa msewu wamizeremizere uja magalimoto amausiya nthawi yachilimwe, shoko imalephera kubwerera isanagunde mzere wotsatira, imangolowa kulowa mpaka kuuma gwa, munthu nkumaganiza kuti yalimba compression chonsecho ndi rebound. Pezani kamsewu kamodzi kafumbi kamene mumakadziwa, kwanuko mbali ya ku Michiru ilipo yambiri, muzidutsa pomwepo liwiro lomwelo mukasintha kalikonse.

China, pitani mukagwade kutsogolo kwa njinga mupukute mapaipi a foloko ndi kansalu koyera, mukankhe handulo pansi kangapo muone ngati pakutsala kamzere ka oilo. Fumbi lathu lino limadya ma seal otsekera oilo mu foloko koopsa, ndipo oilo wa mu foloko ambiri sasintha chigulireni njinga, amatuluka wakuda wonunkha ngati madzi a mu ngalande. Zikatero olo mutembenuze sikuluu tsiku lonse palibe chimene mumve.

Mai_Rider_BT

Ine ndionjezereko za matayala poti palibe wanena. Ena akuuzani kuti mumchenga phwetsani kwambiri, chonde samalani, CRF1000L ili ndi machubu, 21 kutsogolo 18 kumbuyo, ndipo njingayo payokha ndi makilo pafupifupi 230 musanakwerepo. Mukaphwetsa kwambiri muli awiri nkugunda mwala limu imaluma chubu, ndipo kumata chubu padzuwa la ku Chikwawa si zinthu. Muli awiri ndi katundu tsatirani zolembedwa pa sitika ya njingayo, kuchepetsako pang'ono ndi pamene muli nokha komanso muli ndi pampu yobwezera mukafika pa tala.

Pa ABS, yoletsa matayala kuloka pomanga buleki ija, ndisiyane pang'ono ndi anzanga amene amati ukangoona fumbi zimitsa. Batani la ABS lija limazimitsa yakumbuyo yokha yakutsogolo imagwirabe, ndipo mukazimitsa njinga nkuilizanso ABS imabwerera yokha. Ine ndimazimitsa potsetsereka pa miyala yosakhazikika basi. Mwanyamula mayi, msewu ndi wafulati, isiyeni yoyaka. Komanso auzeni kuti mumchenga asamatsitse phazi kapena kupendekera mbali, angokumamatirani, ine ndinayamba ngati wokwezedwa kumbuyo ndiye mantha ake ndimawadziwa, munthu umafuna kudumpha njinga ikangoyamba kuvina.

Wapamtunda_Chilomoni

Ndabwera ndi zotsatira. Tayeza madzulo ano ndi mwana wa achimwene anga, tayala lili mmwamba 612, titakwera awiri ndi chikwama 504, ndiye sag inali 108mm a Nyasa_GS munalasa. Chogudubuza chinali pafupi ndi kumayambiriro kwenikweni. Ndazunguza mpaka kutsala ma click atatu kuti chithe, yafika 79, sinafike 70 koma tazungulira mpaka ku Chileka nkubwerera ndipo njinga ikukhota ngati mmene imachitira ndikakhala ndekha, nyali yabwerera pamsewu, mayi akuti msana sunamve kanthu pa ma hump. User ndaika P 2, EB 3, T 2 ndikayesa Loweruka ndekha kaye.

Koma a Makaniko nkhani ija ndi yoona, foloko yakumanja yasiya kamzere ka oilo pa kansalu ndipo fumbi lamatirira mpaka chakumunsi pafupi ndi buleki. Ndisinthe mbali imodzi yokhayo kapena zonse?

MakanikoWaKuNdirande

Zonse ziwiri bwana, ma seal ndi ma dust seal omwe, ndi oilo watsopano mofanana mbali zonse. Ndipo ku Chikwawa musapitenso musanakonze, oilo ameneyo akafika pa ma pad buleki yakutsogolo ithawa muli pakati pa Thabwa. Muyang'anenso ma pad a mbali imeneyo, ngati anyowa kale musatsuke, ingosinthani.